Tanthauzo la "First Sea Lord"

First Sea Lord ndi dzina la udindo wa mkulu wa asilikali a pamadzi a dziko la Britain, gulu lotchedwa Royal Navy. Mawuwa amatanthauza "bwana woyamba wa panyanja", koma uyu si woyamba kubwera ayi. Ndi amene ali pamwamba pa anzake.

Anzakewo analipodi. Kale gululi linkayendetsedwa ndi bungwe la Board of Admiralty, momwe munkakhala andale pamodzi ndi akatswiri a nkhondo za panyanja. Wamkulu mwa akatswiriwo ankatchedwa First Naval Lord mpaka mu 1904, pamene John Fisher analowa pampandowu ndipo dzina linasintha. Mu 1917 anawonjezerapo dzina lachiwiri, Chief of the Naval Staff.

Musasokoneze udindowu ndi wa First Lord of the Admiralty, ngakhale mainawa akufanana mosautsa. Ameneyo ankakhala nduna ya boma, monga Winston Churchill amene anayamba ntchitoyo mu 1911. Nduna inkayankha ku nyumba ya malamulo, pomwe First Sea Lord ankayang'anira zombo ndi kukonzekera nkhondo.

Mpando wa First Sea Lord sunali wofewa. Mu 1914, Britain ili pankhondo ndi Germany, Prince Louis of Battenberg anautula chifukwa anthu ankamukayikira poti anali wochokera ku banja lachifumu la ku Germany, chinthu chopanda chilungamo kwa munthu amene anatumikira gululi kuyambira ali mnyamata. Mwana wake, Louis Mountbatten, anadzakhala pampando womwewo mu 1955.

Board of Admiralty inathetsedwa mu 1964, koma dzina la First Sea Lord likugwirabe ntchito mpaka lero.