Tambala wa ku Birmingham amene dzira lake linaikiridwa ku Zschopau

Munthu wofuna kukonza njinga yamoto yakale kuti ikhale monga mmene inatulukira m'fakitale amayamba ndi funso looneka lophweka: kodi inatuluka ili yotani? Pa BSA Bantam, njinga yaing'ono imene inkapangidwa ku England kuyambira 1948 mpaka 1971, funsoli limakufikitsa kutali, mpaka ku Germany.

Kumeneko, m'tauni ya Zschopau, kampani ya DKW inatulutsa njinga yotchedwa RT 125 mu 1939, ndipo amene anaikonza mapulani anali Hermann Weber. Inali yopepuka, yosamwa petulo wambiri, ya injini yophweka imene oyilo amasakanizidwa ndi petulo m'thanki momwemo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mayiko opambana anatenga mapulani ake monga mbali ya malipiro a zimene nkhondoyo inawononga. Ku Moscow anayamba kupanga M1A. Ku America, Harley-Davidson inatulutsa yake mu 1948. Chaka chomwecho BSA, kampani ya ku Birmingham imene inayamba ndi kusula mfuti, inatulutsa D1, ndipo dzina loti Bantam ndi la mtundu wa nkhuku zing'onozing'ono. Ngakhale njinga yoyamba ya Yamaha, YA-1 ya mu 1955, inatengera pomwepo. Nkhuku imodzi, anapiye m'makola anayi.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira mabuku, ndiye zimene anachita a BSA zimandikoka mtima. Sanangokopera ayi. Anaitembenuza injiniyo monga mmene nkhope imaonekera pagalasi, kuti chopondera magiya, chimene ku Germany chinali kumanzere, chikhale kumanja kumene Mngelezi anazolowera. Mabawuti ndi manati anawasintha kuchoka ku mamilimita kupita ku miyeso ya ku Britain. Koma m'kati mwa silinda anasiyamo muyeso wa DKW: mamilimita 52 m'mimba, pisitoni n'kumayenda mamilimita 58. Womasulira aliyense amawadziwa mawu otere, amene amakana kusamuka.

Zimenezi zimamupweteka wokonza njingayi tsiku loyamba lomwe. Spanala za mamilimita, zimene zadzaza m'magalaja masiku ano, sizigwira bwino manati a Whitworth. Ukakakamiza, mutu wa nati umatha n'kukhala wobulungira. Ndipo mazinga a mabawuti ake sali amtundu umodzi: ena ndi a BSF, ena ndi a muyeso umene Angelezi ankagwiritsa ntchito pa njinga, wa mazinga 26 pa inchi. Njinga imene yadutsa m'manja mwa anthu khumi imapezeka kuti ina mwa mabowo ake inabooledwanso ndi makaniko wina amene anali ndi bawuti ya mamilimita yokha ndipo mwini njinga ankafulumira kupita kuntchito. Wobwezeretsa ayenera kutseka bowolo n'kudulanso mazinga akale. Ndi ntchito ya maola angapo pa kachinthu kamene palibe adzakaone.

Kenako pamabwera nkhani ya penti. D1 zoyambirira zinkatuluka mu mtundu umodzi, wobiriwira motuwira, umene BSA inkautcha Mist Green, ndipo ngakhale malimu a mawilo ankapakidwa penti yomweyo. Apa m'pamene ambiri amagwa m'mayesero. Wina amapititsa malimu kukawaika kulomu kuti aziwala, n'kupukuta injini mpaka kumadziyang'anirapo. Njingayo imakongola ndithu, koma BSA sinagulitsepo yotero pa mtengo wa munthu wamba wa mu 1948, nthawi imene ku Britain petulo ankagulitsidwa mochita kugawa. Kukongoletsa mopitirira nakonso ndi kunama, ngakhale kuti ndi bodza limene oonerera amaliombera m'manja.

Zofiira nazo zili ndi mlandu wake. Bungwe la positi la ku Britain, GPO, linkagula ma Bantam ambirimbiri opakidwa penti yofiira kuti anyamata azikaperekera matelegalamu. Popeza anthu amazikumbukira mwachikondi, pali chiyeso chotenga njinga yobiriwira n'kuipaka yofiira. Chimene chimaulula zoona ndi nambala zodindidwa pa injini ndi pa fulemu, komanso penti yakale yotsalira m'malo obisika, monga kunsi kwa thanki, kumene dzuwa ndi sandipepa sizinafike. N'chifukwa chake wokonza wosamala amajambula zithunzi ndi kulemba zonse asanapale kalikonse. Akangopala, umboni wapita.

Chimene ndimachilemekeza mwa anthu ochita ntchitoyi mokhulupirika n'chakuti amabwezeretsanso zofooka za njingayo. D1 yoyamba inalibe masipuling'i kumbuyo, moti bampu lililonse linkafika pamsana kudzera pa chishalo. Masipuling'i anayamba kupezeka mu 1950 kwa wofuna kuwonjezera ndalama. Magiya anali atatu, liwiro n'kumathera cha m'ma 70 kilomita pa ola. Magetsi a Wico-Pacy ankachokera ku injini mwachindunji, choncho ukachepetsa moto nyali inkazilala, pomwe pakona pamene ukufunitsitsa kuona. Lero pali zida zamakono zothetsa vutoli, zobisika bwino pansi pa chivundikiro, ndipo kwa munthu woyenda usiku sindingamuletse kuziika. Koma azinena poyera pogulitsa, chifukwa wogula akulipira chaka cha 1948, ndipo cholowa m'nyumba yosungira zakale chimasanduka chitsanzo chimene ena adzakopera.

Hutala yake inali ya mpira, yochita kufinya ndi dzanja ngati ya wogulitsa nsomba panjinga yakapalasa. Chitsekero cha thanki chinali ndi kachikho koyezera oyilo kunsi kwake. Tinthu tiwiriti timasowa msanga pa njinga zakale, ndipo wokonza amatha miyezi akutisakasaka m'misika ya zitsulo zakale, injini itakonzeka kalekale.