Kumene Luso Limachokera: Phunziro la ku Kakumbi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la lero likutitengera ku dziko la Mfumu Kakumbi, m'boma la Mambwe, kumene mtsinje wa Luangwa umalekanitsa midzi ya anthu ndi nkhalango ya nyama. Funso limene tiyese kuyankha ndi ili: kodi nyimbo, chithunzi kapena nthano zimabadwa motani? Ana ambiri amayesa kuti mmisiri amangodzuka m'mawa, chinthu chokongola n'kutuluka chokha m'manja mwake. Mbiri ya chigwa chimenechi, pamodzi ndi ya amisiri awiri olankhula Chisipanishi, itisonyeza kuti sizitero ayi.

Eni dziko la Kakumbi ndi Akunda. Akuluakulu awo amasimba kuti makolo anachokera ku dziko la Aluba, ku Congo, motsogozedwa ndi Mambwe, amene dzina lake linapatsidwa ku bomali. Mafumu awo alipo 6: Nsefu, amene ndiye wamkulu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Kale mkango ukasautsa mudzi, alenje ankaulondola, ndipo akaupha ankabwerera akuimba ndi kuvina. Chikondwerero chimenecho ndicho chimakumbukiridwa pa mwambo wa Malaila. Tsono taonani: nyimbo zija sizinachokere m'mwamba. Zinabadwa m'mantha a anthu amene anagona osatulo chifukwa cha chilombo, ndi m'chimwemwe cha tsiku limene anapumula.

Zotere zinachitikanso kutali ku Ulaya. Pa 26 Epulo 1937, mkati mwa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, ndege za Germany ndi Italy zinaponya mabomba pa tauni ya Guernica, ndipo anthu ambiri osalakwa anafa. Pablo Picasso, wojambula wobadwira ku Málaga mu 1881, anawerenga za tsokali m'manyuzipepala ali ku Paris. Pa 1 Meyi anayamba kuyesera pa mapepala, ndipo zoyesera zakezo zinaposa 40. Anajambula kavalo wolasidwa, ng'ombe yamphongo ndi mayi wonyamula mwana wakufa, nazibwereza kambirimbiri. Mnzake Dora Maar ankatola zithunzi za ntchitoyo ikupita m'tsogolo, ndipo zithunzizo zimasonyeza kuti poyamba panali mkono wotukula chibakera, umene Picasso anaufafaniza pambuyo pake. Chithunzi chonse, chotalika pafupifupi mamita 8, chinatha mu Juni, ndipo chimasungidwa ku Madrid. Mwana amene amalira mphunzitsi akamuuza kuti abwereze ntchito yake akumbukire kuti ngakhale katswiri wotere ankafufuta.

Tibwerere kwathu. Moyo wa m'chigwa unasintha pamene boma la atsamunda linapatula malo osungira nyama mu 1938. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti alendo azidzaona nyama m'dziko lake, ndipo mu 1972 nkhalango ya South Luangwa inakhazikitsidwa monga malo otetezedwa a dziko lonse. Alenje analetsedwa kusaka kumene makolo awo ankasaka, pamene njovu sizinaleke kulowa m'minda. Komanso alendo anachuluka ku Mfuwe, ndipo luso la manja linapeza msika watsopano.

Mu 1991 munayambika ntchito yojambula nsalu yotchedwa Tribal Textiles. Kapangidwe kake n'koyenera kukamvetsa bwino. Mmisiri amayala nsalu yoyera ya thonje, nalembapo mizere ndi phala la ufa ndi madzi. Nsaluyo amaiyanika pa dzuwa kufikira phalalo litauma gwa. Kenaka ena amapaka utoto pakati pa mizereyo, naiika mu uvuni kuti utotowo ugwire. Pomaliza amaichapa ndi kupala phala lija, ndipo pamene linali pamatsala mizere yoyera yozungulira nkhanga, njovu kapena nyamalikiti. Osoka ndiwo amatsiriza. Nsalu imodzi imadutsa m'manja ambiri, ndipo wothamangira kupaka utoto phala lisanaume amaononga ntchito ya anzake onse. Pajatu akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinthu china chimene chimavuta m'chigwachi ndi misampha ya waya. Msampha susankha: wotchera nswala amakola mkango, fisi ngakhale chitamba cha njovu. Alonda a nyama, kuphatikizapo a bungwe la Conservation South Luangwa, amayendera tchire kuonjola misamphayi. Kuyambira mu 2013 amisiri a Mulberry Mongoose ku Mfuwe, ambiri a iwo amayi, amadula waya woteroyo, kumsula ndi nyundo ndi kumpinda, napanga zibangili, ndolo ndi zovala m'khosi. Gawo la ndalama zogulitsira limabwerera kwa oonjola misampha. Picasso yemwe uja anachitapo zofanana mu 1942, nkhondo itavuta ku Paris. Anatola chishalo cha njinga yakutha ndi mahandulo ake, nazilumikiza, ndipo panatuluka mutu wa ng'ombe ndi nyanga zake. Anthu onse ankaona zitsulo zotayidwa, koma iye anaziyang'anitsitsa kufikira ataonamo chinthu china.

Potsiriza tinene za mawu. Ku Mfuwe kuli gulu la masewero lotchedwa SEKA, limene limagwiritsa ntchito nyimbo, magule ndi nthano za Akunda pokambirana ndi anthu mavuto a m'midzi. Wosewera amene afuna kukhala nyani kapena njovu pabwalo amayenera kuyamba wapenyetsetsa mayendedwe a nyamayo, ndipo nkhani zambiri amazitapa kwa akuluakulu. Njira yomweyi ndiyo anatsata Gabriel García Márquez wa ku Colombia, wobadwa mu 1927. Iye analeredwa ndi agogo ake m'tauni ya Aracataca, ndipo agogo ake aakazi ankasimba za mizimu ndi malodza nkhope ili phee, ngati akunena za mvula ya dzulo. Kwa zaka zambiri iye anavutika kupeza kalembedwe koyenera buku limene linali mumtima mwake, kufikira atakumbukira kasimbidwe ka agogo aja. Anakhala pansi miyezi 18 ku Mexico, ndipo buku lake, Cien años de soledad, linatuluka mu 1967. Mu 1982 analandira mphotho ya Nobel. Mawu a akulu akoma akagonera.

Ana inu, agogo amene amadziwa nthano ndi nyimbo za makolo sakhala nafe mpaka muyaya, ndipo akapita osatiuza, zimapita nawo kumanda. Chotero sabata ino mwana aliyense apemphe gogo kapena mkulu wina wa m'mudzi kuti amusimbire nthano imodzi, ailembe m'kope monga waimvera. Aphunzitsi, musafulumire kupereka malikisi. Mwanayo awerengere anzake mokweza, amve pamene sakumvetsa, apitenso kwa gogo kukafunsa, ndipo alembenso kachiwiri. Makope onse awiri muwasunge, kuti pakutha pa teremu mwana adzaone yekha kusiyana kwa loyamba ndi lachiwiri.