Alendo a M'kabati ya Magalasi

Tikaloŵa m'nyumba zina za Akhristu ku Chilomoni, ku Bangwe kapena ku Soche, maso athu amagwera pa kabati ya magalasi. M'menemo, pambali pa chifanizo cha Amayi Maria, timapeza tizidole tovala zovala za maiko ena: kamtsikana ka ku Holland ka nsapato zamtengo, kamsilikali kolonda Apapa ka malaya a mizeremizere, mwinanso kamayi ka Chindebele kokutidwa ndi mikanda, kamene agogo anabwera nako pochokera ku Joni. Ana saloledwa kuseŵera nato. Timati n'zokongoletsa chabe, koma mbiri yake njofunika kuilingalira.

Makolo athu sankasunga zidole. Mwana ankaumba chake ndi dongo, kapena kubereka chitsononkho kumasanje, ndipo chikasweka ankaumba china. Mwambo wosonkhanitsa zinthu za mitundu ina ndi kuziika poonekera unafika ndi Azungu. Apaulendo, atsamunda ndi amishoni ankatumiza kwao ng'oma, mikanda ndi zosema kuti abale ao aone m'mene anthu akuno akhalira. M'chaka cha 1925 Papa Pius XI anakonza chionetsero chachikulu ku Vatican, ndipo kunafika zinthu pafupifupi 100,000 zochokera ku maiko a mishoni.

Tivomereze kuti pamasiku amenewo si onse amene ankayang'ana zinthu zathu mwaulemu. Ku Mua, kumene Ansembe Oyera anafika mu 1902, mkangano wa mishoni ndi Nyau unatha zaka zambiri, ndipo chigoba cha Gule chinkayesedwa chizindikiro cha mdima basi.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1966 nyumba yosungiramo zinthu zakale inatsegulidwa ku Chichiri, ndipo Amalaŵi anayamba kudzionera okha chuma cha makolo ao. Mu 1969, ku Kampala, Papa Paulo VI analimbikitsa Aafirika kuti Chikhristu chao chikhale cha Chiafirika. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni pa Mua pomwe paja. Amisiri osema anayamba kusema Yesu ndi Maria a nkhope zonga zathu, ndipo zigoba za Gule mazana angapo zinasungidwa m'nyumba ya Chamare pamodzi ndi matanthauzo ake. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu onse.

Nafenso tinaphunzira kugulitsa zifanizo zathu. Kwa zaka zambiri alendo akhala akugula zosema m'mbali mwa Victoria Avenue: mayi wosenza mtsuko, mwana ali kumbuyo. Mayi ameneyu akafika m'kabati ya ku Ulaya sakalamba ndipo sadandaula. Sadziŵa za lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi zovala zazifupi, kapena kuti linathetsedwa mu 1993. Sadziŵa za matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023. Chidole chimasunga chovala, koma munthu mwini chovalacho amatsala kunja. N'chimodzimodzinso kamtsikana ka ku Holland kaja: anthu akwao masiku ano ambiri sayenda ndi nsapato zamtengo.

Apa mpamene pagona nkhani, abale athu. Nkwapafupi kukonda mitundu ina ili kuseri kwa galasi, chifukwa sipempha nsima kapena malo ogona. Mlendo wamoyo ndiye amayesa mtima. Dziko lathu linapambana mayeso ameneŵa pamene linalandira anthu oposa miliyoni imodzi othaŵa nkhondo ya ku Mozambique. Koma mu 2023, pamene othaŵa kwao amene ankachita malonda m'matauni anabwezedwa ku Dzaleka, ambiri a ife tinakhala chete, ndipo ena tinakondwera.

Sitikuti mutaye tizidole tanu. Tisungeni, pakuti tina ndi chikumbutso cha wansembe amene anakubatizani kapena cha kholo limene linakhetsa thukuta m'migodi. Koma mwana akafunsa, tsegulani kabatiyo, mumuuze dzina la dzikolo, ndi kuti kumeneko kuli anthu amene amalira ndi kupemphera monga ife. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chidole chija munachigula ndi ndalama, koma mlendo wogogoda pakhomo panu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.