MLANDU WA MALO A SUKULU KU NEW YORK

Lero tikamba za mlandu wa malo umene unacitika kutali, mu mzinda wa New York ku America. Kutali ndi kutali ndithu, koma mukamva mudzauzindikira: wina afuna kumanga, pamene wina ali pomwepo kale.

Mu mzindamo muli sukulu yaikuru, yunivesite yochedwa Columbia. Inayamba m'caka ca 1754, ndipo m'caka ca 1897 inasamukira pa citunda ca Morningside Heights. Kunsi kwa citundaco, cakum'mawa, kuli Harlem, dera limene pa masiku a mlanduwu munali anthu akuda ocuruka. Pakati pa sukulu ndi Harlem pali malo otsetsereka a mitengo ndi udzu, ochedwa Morningside Park. Malowo sanali a sukulu ai. Anali a mzinda wonse, monga umo dambo la pamudzi silikhala la munthu mmodzi.

Itatha nkhondo yaikuru yaciwiri, sukulu inakula, malo nacepa. Tsono inayamba kugula nyumba zoizungulira, imodzi imodzi, kuti zina azigonamo ophunzira ndi aphunzitsi, zina zigwetsedwe. Anthu okhalamo pa lendi anauzidwa kuti acoke. M'zaka za m'ma 1960 anacotsedwa anthu zikwi zingapo, ambiri a iwo akuda ndi ocokera ku Puerto Rico. Nyumbazo sukulu inagula ndi ndalama zace, inde. Koma munthu wotaya pogona safunsa za lisiti.

Cimene cinautsa moto ndi ici. M'caka ca 1961 akuru a mzinda anabwereketsa sukulu maekala 2 a malo a onse aja, pa madola 3,000 pa caka, kuti imangepo nyumba yaikuru ya masewero olimbitsa thupi. Nyumbayo inayenera kukhala ndi makomo awiri. Khomo la pamwamba, loyang'ana kusukulu, linali la ophunzira. Khomo la pansi, loyang'ana ku Harlem, linali la anthu a m'deralo, ndipo linalowa ku kagawo kakang'ono cabe ka nyumbayo. Akuru a sukulu anaona ngati acita ufulu, nati makomo awiriwo abwera cifukwa ca kutsetsereka kwa malo. Anthu a ku Harlem anaona cina: malo ndi ao, koma alowere kunsi ngati opempha. Nyumbayo anaipatsa dzina lacipongwe lakuti Gym Crow, pokumbukira malamulo a tsankho ochedwa Jim Crow. Inu mafumu, taganizani mlendo amene mwampatsa malo pabwalo panu, iye nakulozerani khomo la kuseri.

Kukumba kunayamba mu February 1968, ndipo ena amene anakatsekereza nchitoyo anamangidwa. Pa 4 April Martin Luther King anaphedwa, mitima niwawa koposa. Pa 23 April ophunzira eni ace, amenenso anali ndi dandaulo lina pa nkhondo ya ku Vietnam, anapita pamalopo nagwetsa mpanda. Pambuyo pace analowa m'nyumba zisanu za sukulu nakana kuturuka. Ophunzira akuda anagwira nyumba ya Hamilton Hall paokha, anthu a ku Harlem nawabweretsera cakudya. Pa 30 April apolisi analowa ndi zibonga, namanga anthu oposa 700, ndipo oposa 100 anapwetekedwa. Mkuru wa sukulu, Grayson Kirk, anasiya udindo caka comweco, ndipo m'caka ca 1969 sukulu inaleka zomanga pamalopo. Nyumba ya masewero inamangidwa pambuyo pace m'kati mwa malo a sukulu, kumene ikadamangidwa poyamba pomwe.

Njala ya malo sinathe. Pamene Columbia inafuna maekala 17 ku Manhattanville, kumpoto kwace, inayamba yakhala pansi ndi oimira anthu a m'deralo, ndipo m'caka ca 2009 inasaina pangano la zimene idzawacitira. Komabe eni malo ena amene anakana kugulitsa anagonja ku bwalo lalikuru la milandu la boma la New York m'caka ca 2010.

Nanga dzenje lija anakumba mu 1968? Linakhala cikhalire zaka ngati 20, lopanda mwini wolisamala. Potsiriza mzinda unalidzaza madzi. Lero ndi dziwe lokhala ndi mathithi, mmene musambira abakha ndi akamba a m'madzi.