Mlandu wa Michael Vick: katswiri wa mpira yemwe adamangidwa chifukwa cha agalu

Michael Vick ndi katswiri wakale wa mpira wa ku America, uja amaponyerana ndi manja, yemwe mchaka cha 2007 adalamulidwa kukakhala kundende kaamba komenyanitsa agalu. Mlandu wake udautsa mkwiyo waukulu m'dziko la United States, ndipo udasintha momwe akhoti ndi mabungwe amaonera agalu opezeka m'malo ochitira mchitidwewu.

Vick adali yani?

Timu ya Atlanta Falcons idamusankha poyambirira mwa osewera onse atsopano a ligi ya NFL mchaka cha 2001. Iye ndiye ankatsogolera anzake m'bwalo, ndipo adatchuka ndi liwiro lake. Mu December 2004 adasaina mgwirizano wa zaka khumi wa ndalama zokwana $130 miliyoni, zomwe zidamuika m'gulu la osewera olipidwa kwambiri panthawiyo.

Zidaululika bwanji?

Pa 25 April 2007, apolisi adakachita chipikisheni panyumba ya Vick m'dera la Surry ku Virginia. Iwo ankafufuza nkhani ya mankhwala ozunguza bongo yokhudza m'bale wake, koma adapezako agalu oposa 60, ambiri mwa iwo a mtundu wa pit bull. Ena adali omangidwa ndi maunyolo, ena adali ndi zipsera. Padapezekanso zipangizo zophunzitsira agalu kumenyana.

Kafukufuku adaonetsa kuti malowo, omwe ankatchedwa Bad Newz Kennels, adayamba mchaka cha 2001 ndipo Vick ndiye ankapereka ndalama zoyendetsera zonse, kuphatikizapo za juga. Pa masewera oterewa agalu awiri amaikidwa m'kabwalo kotchinga, anthu n'kubetcha ndalama, ndipo ndewu imatha pokhapokha galu mmodzi akalephera kupitiriza. Ambiri amafa pambuyo pake ndi mabala.

Chomwe chidawawa anthu koposa n'chakuti agalu osaonetsa ukali ankaphedwa. Vick adavomera kuti mu April 2007 adagwirizana ndi anzake kupha agalu pakati pa 6 ndi 8, ena powapachika, ena powamiza m'madzi.

Mkwiyo wa anthu ndi chigamulo

Boma lidamutsegulira mlandu pamodzi ndi anzake atatu pa 17 July 2007. Anthu adachita zionetsero pabwalo la milandu ku Richmond komanso pamaofesi a NFL ku New York. Kampani ya Nike idaimitsa mgwirizano wake ndi iye, Reebok idaleka kugulitsa malaya a dzina lake, ndipo NFL idamuimitsa kusewera.

Si onse adagwirizana ndi kukula kwa mkwiyowo. Ena, makamaka pakati pa anthu akuda ku Atlanta, adati Vick adaweruzidwa ndi anthu khoti lisadamve mbali yake, ndipo adafunsa chifukwa chomwe osewera omenya akazi salandira chilango chofanana ndi chimenecho.

Vick adavomera mlandu mu August 2007, ndipo pa 10 December woweruza Henry Hudson adamulamula kukakhala kundende miyezi 23. Adaperekanso ndalama zoposa $900 000 zosamalira agaluwo. Mchaka cha 2008 adalengeza kukhoti kuti walephera kubweza ngongole zake.

Agaluwo adapita kuti?

Kale agalu opezeka m'malo otere ankaphedwa khoti likatha nawo ntchito, poganiza kuti sangawetedwenso. Mabungwe ena oteteza nyama, monga PETA, adalangiza zomwezo. Koma khoti lidalola akatswiri kuyeza galu aliyense payekha. Mapeto ake agalu 47 adapulumuka. Mwa iwo, 22 adapita ku Best Friends Animal Society ku Utah, ndipo ambiri adakaleredwa m'makomo a anthu. Kuchokera apo, galu womenyanitsidwa adayamba kuonedwa ngati wolakwiridwa, osati chida choopsa.

Malamulo nawo adakhwima. Pofika 2008, kumenyanitsa agalu kudakhala mlandu waukulu m'zigawo zonse 50 za dzikolo, ndipo kuyambira 2014 ngakhale kungoonerera ndi mlandu pansi pa malamulo a boma lalikulu.

Vick adatuluka mchaka cha 2009 n'kulowa timu ya Philadelphia Eagles. Adayendanso m'masukulu ndi bungwe la Humane Society kulangiza achinyamata kuti asatsate mapazi ake. Mu December 2024 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa timu ya Norfolk State University. Mpaka lero alipo omwe amati adalipira mlandu wake, ndi ena omwe sadamukhululukire.

Nanga kuno kwathu?

Malawi ili ndi lamulo loteteza nyama lotchedwa Protection of Animals Act. Lamuloli limaletsa kumenya nyama mwankhanza, kuisenzetsa katundu woposa mphamvu zake, kuinyamula moizunza komanso kuimenyanitsa ndi inzake. Komabe anthu saleka kuona mbuzi yomangidwa miyendo ili lende panjinga, nkhuku zolendewera mitu pansi, kapena tiana ta agalu tikugulitsidwa padzuwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni.

Mabungwe othandiza nyama ali makamaka m'mizinda. Ku Lilongwe kuli LSPCA, yomwe idayamba mchaka cha 2008, ndipo ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu katemera wa chiwewe mchaka cha 2015. Koma lamulo sililekera m'tauni. Likugwiranso ntchito m'madera akutali monga kwa Makanjira m'boma la Mangochi, tsidya la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, kufupi ndi malire a Mozambique. M'madera otere woona nkhanza angathe kudziwitsa apolisi, mlangizi wa ziweto kapena amfumu. Kwa Makanjira, komwe anthu ambiri ndi Asilamu, lamuloli silisemphana ndi chiphunzitso cha chipembedzo, pakuti Chisilamu chimaletsa kumenyanitsa nyama.

Kusamala galu kumatetezanso munthu. Pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo matendawa akaonetsa zizindikiro sachizika. Galu wodyetsedwa, wobayidwa katemera ndi wosazunzidwa saopseza ana a pamudzi.

Ku Virginia lamulo loletsa kumenyanitsa agalu lidalipo kale, koma Bad Newz Kennels idayenda zaka zisanu ndi chimodzi osagwidwa, mpaka apolisi adafikako pofufuza nkhani ina. Lamulo la Malawi nalo likudikira omwe aona nkhanza kuti akanene.