Nkhani Ikasamuka: Kuchokera pa Phiri la Mbande Kufika pa Kanema

Ntchito yosandutsa buku kukhala filimu kapena sewero la pa wailesi ya kanema ndi yongobwera kumene m'Malawi, pakuti wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba kuonetsa zinthu mu 1999, patapita zaka zoposa 30 anthu a ku Zambia atayamba kuonera yawo. Komabe funso limene ntchitoyi imadzutsa, lakuti nkhani imataya chiyani ndipo imatola chiyani ikasamuka m'manja mwa mwini wake n'kupita m'manja ena, ndi lakale kwambiri kuposa kanema, ndipo boma la Karonga linakumana nalo kalekale pamene mbiri ya mafumu a Angonde inachoka pakamwa pa akuluakulu n'kulowa m'mabuku a Chingelezi.

Chitsanzo chimene dziko lonse likuchidziwa ndi sewero la Game of Thrones, lomwe kampani ya HBO inaonetsa kuyambira mu 2011 mpaka mu 2019, ndipo ena m'matawuni a dziko lino analionera kudzera pa DStv. Seweroli linatengedwa m'mabuku a George R. R. Martin, omwe ndi a gulu la nkhani zopeka zodzala ndi zamatsenga, zinjoka zouluka ndi anthu ouka kwa akufa, ndipo asanu mwa mabukuwa anatuluka pakati pa 1996 ndi 2011. Okonza seweroli anadula anthu ambiri, anaphatikiza ena awiri kapena atatu kukhala munthu mmodzi, ndipo atafika pomwe mabuku analekezera anapitiriza okha ulendo umene mlembi anali asanaumalize. Chochititsa chidwi n'chakuti zina mwa zimene anadula ndi zamatsenga zenizenizo: m'mabuku mayi wotchedwa Catelyn Stark amaukitsidwa ataphedwa n'kuyamba kubwezera adani ake, koma pa kanema iye akafa nkhani yake imathera pomwepo. Owerenga ambiri anadandaula, koma chimene chinachitika n'chodziwika, ndicho chakuti wolandira nkhani ndiye amagamula zimene omvera ake atsopano angathe kukhulupirira.

Ufumu wa Angonde, womwe mfumu yake yaikulu imatchedwa Kyungu, unakhazikika m'chigwa cha Karonga cha m'ma 1600, ndipo likulu lake linali pa phiri la Mbande, kumadzulo kwa tawuni ya Karonga, pafupi ndi mtsinje wa North Rukuru. Mbiri yosungidwa pakamwa imanena kuti Kyungu woyamba, Syora, anapeza paphiripo a Simbowe, omwe ankachita malonda a minyanga ya njovu, ndipo anawalanda malowo. Mbiri yomweyo imamuonetsa Kyungu ngati munthu woposa mfumu wamba, wokhala mobindikira osaonekera kwa anthu, amene thanzi la thupi lake linali lolumikizana ndi mvula, zokolola, ng'ombe ndi kubereka kwa anthu, moti akadwala kwambiri makambala, kutanthauza nduna zikuluzikulu zimene zinkamusankha ndi kumulangiza, ankamutseka mpweya kuti mphamvu za dziko zisafooke pamodzi ndi thupi lake. Kwa anthu amene ankasimba zimenezi m'Kyangonde, mphamvu ya Kyungu pa mvula ndiyo inali phata la nkhani yonse, ndipo zaufumu zinkaphuka kuchokera pamenepo.

Mabuku oyamba onena za Karonga sanalabadire kwenikweni zimenezi, chifukwa analembedwa ndi anthu amene anali ndi nkhani yawoyawo yoti asimbe. Monteith Fotheringham, yemwe ankayang'anira sitolo ya African Lakes Company ku Karonga, anatulutsa buku lake mu 1891, Frederick Lugard mu 1893, ndipo Harry Johnston mu 1897, ndipo pa nkhani ya Karonga onsewa anatsindika za nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wamalonda wa minyanga ndi akapolo amene anali ndi linga ku Mpata, yemwe anapachikidwa mu Disembala 1895. M'mabukuwa ngwazi ndi mlembi mwini ndi anzake, pamene Angonde, omwe midzi yawo ndiyo inatenthedwa ndipo abale awo ndiwo anaphedwa m'mabango a dambo la Kambwe mu 1887, amaoneka ngati khamu loyenera kulimvera chisoni.

Kusamuka kwenikweni kwa mbiri ya Kyungu kunachitika m'ma 1930, pamene Godfrey Wilson ndi mkazi wake Monica, akatswiri a za chikhalidwe cha anthu, ankachita kafukufuku pakati pa Anyakyusa ndi Angonde. Buku laling'ono la Godfrey Wilson, The Constitution of Ngonde, linatuluka mu 1939, ndipo dzina lake lokhalo likuonetsa nkhungu imene nkhaniyo inaumbidwiramo, pakuti zimene akuluakulu ankasimba monga zochitika za makolo zinasanjidwa kukhala malamulo oyendetsera dziko, okhala ndi maudindo ndi malire ake. Zimenezi zinagwirizana ndi nthawiyo, popeza mu 1933 boma la atsamunda linali litakhazikitsa lamulo lolamulira anthu kudzera mwa mafumu, ndipo funso lakuti mfumu yaikulu ndani, nanga mphamvu zake zimalekeza pati, linali ndi phindu looneka ndi maso kwa ofunsa ndi oyankha omwe. Wilson anafotokoza kuti Kyungu anayamba ngati mfumu yachipembedzo ndipo anapeza mphamvu zolamulira chifukwa cha malonda a minyanga, ndipo potero chozizwitsa chinapatsidwa chifukwa chimene wowerenga wa ku London akanatha kuchivomereza. Patapita zaka, Owen Kalinga, Mmalawi wophunzira za mbiri, anabwerera kwa akuluakulu a m'chigwamo, nafunsa mabanja osiyanasiyana, ndipo m'buku lake la mu 1985, A History of the Ngonde Kingdom of Malawi, anaunikanso mfundo za Wilson n'kuchepetsa kulemera kumene malonda anapatsidwa. Bukuli ndi lozama kuposa oyambawo, ngakhale kuti nalonso lili m'Chingelezi ndipo limayankha mafunso a m'masukulu a ukachenjede, osati a pabwalo la mfumu.

Wailesi ya MBC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, inabweza nkhani ku khutu kudzera m'masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga, koma kwa anthu a ku Karonga inachita zimenezi m'chinenero cha ena, makamaka kuchokera mu 1968 pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi.

Buku la Mmalawi limene linasandutsidwa filimu yoonedwa m'maiko ambiri ndi The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analemba pamodzi ndi mtolankhani Bryan Mealer, ndipo linatuluka mu 2009. Filimuyo, yomwe anaiwongolera ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anasewera ngati bambo wa Kamkwamba, inajambulidwa ku Kasungu komweko ndipo inayamba kuonetsedwa pa Netflix pa 1 Malichi 2019. Bukuli si lopeka, koma limayamba m'dziko lodzala ndi zamatsenga mofanana ndi nthano: Kamkwamba ali mwana amadya chingamu chimene anyamata ena anatola chitagwa pa katundu wa wamalonda, ndipo amagwidwa ndi mantha aakulu atamva kuti mwini wake wapita kwa sing'anga, pambuyo pake amalola mnzake kumutema mphini m'zala kuti alandire mangolomera, mankhwala amene amati amapatsa munthu mphamvu zoposa za anzake, koma atakayesa ndewu amamenyedwa kodetsa nkhawa. Nkhani zimenezi ndizo zimapereka tanthauzo ku zonse zotsatira, chifukwa zimaonetsa mnyamata akuchoka pang'onopang'ono ku mphamvu zosaoneka za asing'anga n'kupita ku mphamvu ina yosaonekanso, ya magetsi, imene iye angathe kuiyesa ndi waya ndi babu. Ngakhale makina ake oyendera mphepo opangira magetsi ataimikidwa, bukuli limanena kuti mvula itavutanso anthu ena anawaloza chala kuti ndi nsanja ya mfiti yothamangitsa mitambo. Filimu inasiya zonsezi, ndipo m'malo mwake inaika Gule Wamkulu, wooneka bwino pa kanema, amene woonera wakunja angathe kumusirira popanda kufunsidwa kuti akhulupirire kanthu.

Zosintha zina n'zazing'ono koma zonse zikuloza kumodzi. M'buku, dayinamo, kachipangizo kopanga magetsi pa njinga, anamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, pamene mu filimu kamachokera kwa mphunzitsi amene anathawitsa mlongo wake. M'buku mnyamatayo amangolowa m'laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, pamene mu filimu amachita kuopseza mphunzitsiyo kuti amupezere mpata. M'buku galu wake Khamba amamumangirira yekha kumtengo kuthengo kuti akafere komweko, chinthu chopweteka chimene filimu inachifewetsa pongoonetsa galuyo atafa ndi njala. Chosintha chachikulu chili kumapeto. Makina oyendera mphepo amene Kamkwamba anamanga mu 2002 ankayatsa mababu ochepa ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake, ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni, pamene pampu yamadzi inabwera patapita zaka, iye atatchuka kale kudzera m'nyuzipepala mu 2006 ndi pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Filimu inakokera pampuyo m'kati mwa njala ya mu 2001 ndi 2002, kotero kuti madzi amatuluka, minda imabiriwira ndipo mudzi umapulumuka. Apa m'pamene pali chodabwitsa: okonza filimu anachotsa zamatsenga zimene anthu a ku Wimbe ankazikhulupirira, koma anaikamo chozizwitsa chawochawo chimene sichinachitike, cha mwana mmodzi wothetsa njala ndi nzeru za m'buku, chifukwa chimenecho ndicho chozizwitsa chimene oonera a Netflix amachikhulupirira mosavuta. Si chilungamo kunena kuti filimuyo ndi yoipa, pakuti inaonetsa njala, kugulitsa mitengo ndi chipwirikiti cha pogulira chimanga moona mtima, ndipo inalimba mtima kuyankhula Chichewa, ngakhale kuti Amalawi ambiri anaseka katchulidwe ka osewera ochokera ku Kenya, ku France ndi ku Britain.

Pali ntchito ina imene siilembedwa kawirikawiri m'mbiri ya zaluso, koma ndiyo imafikira anthu ambiri kuposa Netflix ndi DStv, ndiyo yomasulira mafilimu akunja m'Chichewa. M'timanyumba toonetsera vidiyo m'misika, momwe anyamata amakhala pa mabenchi mumdima atalipira kandalama pakhomo, komanso m'mafoni momwe mafilimuwa amalowetsedwa ndi anyamata a makompyuta, mawu a munthu mmodzi amamveka pamwamba pa filimu ya ku China, ya ku India kapena ya ku America. Womasulirayo satsatira mawu a osewera liwu ndi liwu: amawapatsa maina achimalawi, amatchula mzinda wa mu filimu ndi dzina la tawuni yodziwika kwa omvera, amachenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo, amanyoza wogonja ndipo amalonjeza kuti zoopsa zili kutsogolo. Zinjoka ndi afiti a m'mafilimuwa sawafunira chifukwa china chilichonse, amangowatchula ndi maina amene omvera ake anawamva kale kwa agogo awo, ndipo filimuyo ikafika pa Karonga imakhala itasamuka kawiri, popeza ambiri mwa oonera kumeneko amaimva m'Chichewa n'kumakaisimbira anzawo m'Kyangonde kapena m'Chitumbuka.