Mbiri ya Mankhwala Obisika M'fupa

Omvera, aliyense amene anaswapo fupa la ng'ombe amawadziwa mafuta okhala m'kati mwake. M'fupa la munthu alimonso, ndipo ndimo mumapangidwa magazi.

M'chaka cha 1958, anthu asanu ndi mmodzi ofufuza za nyukiliya ku Vinča, m'dziko limene linkatchedwa Yugoslavia, anapsa ndi cheza choopsa chimene chinaononga mafuta awo a m'mafupa. Anawatengera ku Paris, kumene dokotala Georges Mathé anathira asanu mwa iwo mafuta ochokera m'mafupa a Afalansa odzipereka. Mmodzi anamwalira, anayi anachira.

Chinsinsi cha mafutawo chinaululika ku Toronto mu 1961. James Till ndi Ernest McCulloch, poyesa mbewa, anaonetsa kuti m'menemo muli maselo obala maselo anzawo, otchedwa ma stem cell. Maselowa ndiwo amathandiza odwala khansa ya m'magazi.

Mkangano unabuka mu 1998, pamene James Thomson wa ku Wisconsin anatenga maselo otere mu mluza wa munthu. Otsutsa anati Afalansa aja anavomera okha, pamene mluza sungafunsidwe, ndiponso umaonongeka. Ena anayankha kuti miluzayo inali yotsala pa chithandizo cha kusabereka.

Mu 2006, Shinya Yamanaka wa ku Kyoto anasandutsa maselo wamba a mbewa kukhala obala ena, ndipo mu 2007 anatero ndi maselo a khungu la munthu, osakhudza mluza. Komabe funso la opereka silinathe: maselowa achokera kwa yani, ndipo mwiniwake wavomera?